Kuchoka ku Balaka ndi Galu Wonunkhiza Mabomba

Ndinanyamuka pa siteshoni ya Balaka m'mawa, chingwe cha galu kumanja, kabokosi kathabwa kumanzere. Galuyo dzina lake anali Tayiga, ndipo tonse awiri tinkapita ku Nselema kukayesedwa. Inali nthawi ija nkhondo itavuta ku Mozambiki, anthu akukwirira mabomba m'mbali mwa njanji, ndiye akuluakulu anafuna agalu oti azinunkhiza njira munthu asanapondepo. Tayiga akakhoza mayeso, ine ndikhala woyendetsa galu weniweni. Akalephera, ndibwerera pageti la kampu, pomwe ndinathera zaka ndikutsegulira magalimoto a anzanga. Geti limenelo ndinkadana nalo ndi mtima wanga wonse.

M'kabokosimo munali zophunzitsira: tinsanza toyera timene ankatigoneka pamodzi ndi onga wa mabomba mpaka titatenga fungo, kenako n'kutitsekera m'timabotolo. Kansanzako sikaphulika, kamangonunkha. Mphunzitsi amakabisa, galu akakapeza amakhala pansi n'kukuyang'ana, iwe n'kumuponyera kampira. Lamulo linali lakuti kasagwiridwe ndi manja, pali chopanira chake chachitsulo. Mphunzitsi wathu, a Sajeni Likoswe, anali atatsogola dzulo lake pa galimoto ya mabwana, ife n'kutisiyira sitima.

Ngati mukufuna malo mu sitima yodzaza, kwerani ndi galu. Titangolowa, abambo atatu ovala mikanjo yoyera anakwinya zovala zawo n'kusunthira kukona.

"Achimwene, mumugwire ndithu ameneyo," anatero mmodzi mwaulemu. "Lero n'Lachisanu, tavala zokaswalira."

Ndinapeza benchi yonse ndekha, chinthu chimene sichinandichitikirepo chibadwire. Anyamata ofunsa makadi a chipani nawonso anafika pa benchi yathu, n'kuona mano a Tayiga akuyasamula, n'kukumbukira kuti ali ndi ntchito kutsogolo.

Tisanafike pa Nkaya, Tayiga anadzuka, n'kukoka chingwe mpaka pa mayi wina wokalamba amene anali ndi dengu la matimati. Ananunkhiza, n'kukhala pansi, n'kundiyang'ana. Ndinapempha mwakachetechete kuti ndione m'dengumo. Munali matimati, mpango, ndi kachitini ka fodya wamphuno.

"Galu waulemu uyu," anatero anganga aja. "Amakhala pansi akaona akulu. Kapena akufuna ndimutsinireko?"

Anthu anaseka, ine ndinaseka ndi mano okha.

Pa Nkaya sitima inaima kudikira inzake, ndipo kudikira kwa pa Nkaya amene anakuonapo amadziwa kuti ungathe kumeta, kudya, n'kupeza chibwenzi. Ndinagula tiyi ndi sikono wa matambala khumi, ndinapemphako fodya pang'ono kwa anganga, n'kupita kuseri kwa milu ya zitsulo za njanji. Kumeneko ndinabisa fodya pansi pa mwala umodzi. Pansi pa mwala wina ndinaika kansanza ka m'botolo limene linali lisanatsegulidwepo, ndikugwira ndi chopanira monga mwa lamulo. Tayiga anadutsa kansanzako ngati sakukadziwa, n'kukakhala pa fodya, mchira ukusesa fumbi.

Pamenepo m'pamene ndinaona zala za a Sajeni m'maganizo mwanga, zakuda bii ndi fodya. Mkuluyo ankatsina kachitini kake tsiku lonse, ndipo chopanira ankati n'cha anthu amantha. Miyezi yonseyo galu wanga ankaphunzira fungo la zala za a Sajeni.

Ndinakwiya, kenako ndinaganiza mochenjera. Ku Nselema wobisa tinsanza adzakhala a Sajeni omwewo, ndi zala zomwezo. Tayiga adzapeza tonse, mabwana adzaomba m'manja, geti ndidzalitsanzika. Zotsalazo tidzakonza pang'onopang'ono. Ndinatseka kabokosi, n'kumupatsa galu theka la sikono.

Tinaoloka Shire dzuwa lili pamutu. Pansi pa mlatho asodzi anali m'mabwato, mvuu zikutulutsa makutu ngati zikumvera nkhani zathu. Titatsika pa Liwonde ndinadya chambo chokazinga ndi chinangwa, n'kuyenda kupita kumphambano ya msewu wa ku Ntaja kukasaka matola. Pamenepo panali rodibuloko, ndipo anthu a mulole ina anali atatsitsidwa, aliyense ataima pambali pa katundu wake. Mkulu wa pamalopo ataona galu anasangalala.

"Mwabwera bwino. Tamudutsitsani apa, tione ntchito yake."

Ndikanakana bwanji? Tinadutsa matumba a mpunga, njinga, nkhuku zomangidwa miyendo. Ndinkapemphera kuti pagululo pasakhale wotsina fodya. Koma chakumapeto kunali bambo wina wachikulire wa kachisoti koyera, atanyamula kamtolo ka nsalu. Tayiga ananunkhiza, n'kukhala pansi.

Anthu anabalalika. Mfuti ziwiri zinadzuka. Anamasula kamtoloko ndi ndodo: malaya, sopo, shuga pang'ono, ndi mpukutu wa fodya.

"Mukuchokera kuti, bambo?" anafunsa mkulu uja.

"Kwathu n'ku Chiuta, bwana. Ndimakaona mwana kuchipatala kuno ku Liwonde."

"Ku Chiuta kumalire? Ngati mulibe kanthu muno, ndiye kuti mwasiya penapake. Galu sanama. Mukafotokoza bwino kutsogolo."

Masiku amenewo munthu akapita kukafotokoza kutsogolo, abale ake sankafunsa tsiku lobwera. Bambo uja sanatsutse. Anangovula kachisoti, n'kuyamba kutchula dzina la Mulungu chapansipansi. Ndinachita manyazi oopsa.

"Bwana," ndinatero, "galuyu wanama."

"Mwati chiyani?"

"Sadziwa bomba. Amadziwa fodya."

Ndinatenga mpukutu uja n'kuuika patali pansi pa tayala. Kansanza ndinakaika pafupi ndi phazi la mkulu wa rodibuloko uja. Tayiga analumpha phazi n'kuthamangira kutayala. Woyamba kuseka anali dalaivala wa lole, kenako gulu lonse, mpaka a mfuti omwe. Mkulu uja sanaseke.

"Ndiye mukupita naye kuti?"

"Kumayeso, bwana."

"Ndiwaimbira akuluakulu anu. Bambo, mangani katundu wanu."

Lole yomweyo ndi imene inatitenga, kwacha imodzi ndi theka mpaka Nselema, galu ulere. Msewu unali wafumbi ndi mabampu, ndipo pa Ntaja tinaima kuthira madzi mu injini. Bambo uja anakhala kutali ndi Tayiga, koma tikuyandikira Nselema anandipatsira nthochi ziwiri kudzera m'manja mwa anthu.

"Sikomo, mwanangu," anatero. "Inayo mumupatse mnzanuyo, iyayi alibe mlandu."

Tinafika dzuwa litapendeka. Uthenga unali utatitsogolera, ndipo a Sajeni anandilandira osandiyang'ana kumaso. M'mawa mwake bwana wamkulu anabisa yekha tinsanza ndi chopanira m'bwalo la mpira. Tayiga anazungulira bwalo lonse mosangalala, n'kubwera kudzakhala pamapazi pa a Sajeni. Mayeso anathera pomwepo.

Ndinabwerera ku Balaka pageti langa, Tayiga n'kupatsidwa ntchito youwa usiku kuseri kwa sitolo ya kampu. Masabata oyamba zinkandiwawa kwambiri, makamaka anzanga akamadutsa n'kundifunsa ngati ndili ndi fodya. Koma tsiku lina ndikutsegulira galimoto yopita kunjanji yakumalire, agalu ali kumbuyo ndi eni ake, ndinawerenga bwino zimene ndinkafuna kuchita pa Nkaya paja. Galu wonunkhiza mabomba amayenda patsogolo, ndipo akadutsa malo osakhala pansi, woyamba kupondapo ndi amene wagwira chingwe. Chingwe cha Tayiga ndinkagwira ndine.