Suti ya Malume M'munda wa Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene malume anga, a Gidiyoni, anadyetsa anyani chimanga chathu. Iwo mpaka lero savomera, koma ine ndinaliko, ndipo sindinawakhululukire kwenikweni.

Tinkakhala ku Kasenengwa, ine ndi amayi ndi ang'ono anga awiri. Bambo anali atamwalira chaka chapitacho. Munda wathu unali umodzi wokha, m'munsi mwa kaphiri ka miyala komwe kunkagona anyani. Chimanga chikayamba kukhwima, munthu ankayenera kukhala pansanja kuyambira mame asanaume mpaka dzuwa kulowa. Pa tchuthi cha Epulo ntchito imeneyi inali yanga, chifukwa amayi ankadwala mwendo ndipo sankatha kuthamanga.

Anyani saopa mkazi, izi aliyense kwathu amadziwa. Choncho ndinkavala buluku la malemu bambo, lopinda katatu m'miyendo, ndi chipewa chawo chonunkha fodya, n'kunyamula mpini paphewa ngati mfuti. Masiku ambiri ndili ndekha pansanjapo ndinayamba kuwadziwa anyaniwo mmodzimmodzi. Panali chachimuna china chong'ambika khutu chomwe ndinachitcha Abwana, chifukwa chinkakhala pamwala kuyang'ana anzake akugwira ntchito. Panalinso wamkazi wokalamba wotsimphina, ndipo ameneyu ndiye anali mwini nzeru. Ankatha kukhala theka la tsiku akungondiyang'ana. Ndikakhala malo amodzi nthawi yaitali, ankasendera pang'ono, n'kudikira, n'kusenderanso. Ana ake ankaonerera zonsezi ali kumbuyo kwake. Ndinayesapo kuimika chimunthu cha udzu kuti ndikamwe madzi kudambo, koma pa tsiku lachitatu ndinapeza nkhalambayo ikuchifwanthula m'mimba.

Malume anabwera Loweruka lina pa basi yochokera ku Chipata. Anali kalaliki wopuma ntchito, wophunzira ku mishoni, ndipo ankayenda ndi zolembera zitatu m'thumba la malaya ngakhale popita kumaliro. Nsapato zawo ankazipukuta ndi mpango asanalonjere munthu. Ananena kuti akazi awo achira, kwabadwa mwana, ndiye akufuna ine ndikawathandize ntchito za pakhomo kwawo ku Kapata, m'tauni ya Chipata, mpaka sukulu itatsegulidwa. Amayi anatchula za munda mwaulemu, maso ali pansi. Malume ndiwo anali mwini mbumba, ndipo kwathu mlongo sakanira mwini mbumba pamaso pa ana.

Malume anaseka, n'kutsegula chikwama. Munali suti yawo yakale yakuda, ija ankapita nayo ku ofesi. Anati aimika chimunthu chovala suti ndi tayi pakati pa munda, ndipo palibe nyani amene adzayandikire, chifukwa nyama imaona msanga munthu wolemekezeka. Ankanena zimenezi ndi mtima wonse, osati nthabwala.

Ndinagwada, n'kunena kuti, “Malume, adzachizolowera. Pali wina wokalamba amene amayesa kaye ngati chinthu chikuyenda. Pakatha masiku atatu adzalowa onse.”

“Iwe Misozi,” anatero, “ukuwapatsa anyani nzeru zimene iwe mwini ulibe. Nyani ndi nyama basi. Kodi anapita kusukulu iti?”

Anthu amene anabwera kudzalonjera alendo anaseka, poti munthu wa m'tauni akanena nthabwala anthu amaseka. Madzulo ake malume anaimika chimunthu chawo, anachikonza tayi ndi manja awo, n'kubwerera m'mbuyo kuchiyang'ana mokhutira. Kunena zoona chinkawafanana.

Ku Kapata ndinakhala masabata atatu ndikuchapa matewera, mtima uli kumunda. Nditabwerera sindinafike n'kunyumba komwe, ndinathamangira kukaphiri. Mapesi anali gonegone, zitsononkho zili mbwee, zina zolumidwa kamodzi n'kutayidwa. Amayi anandiuza kuti masiku awiri oyamba anyani anakhala pamiyala. Tsiku lachitatu wotsimphina uja anatsika yekha. Tsiku lachinayi amayi atadzikoka ndi ndodo kukafika kumunda, anapeza Abwana atakhala paphewa pa suti ija akudya chimanga, ana akusewera ndi tayi. Anakuwa mpaka mawu kutha, koma mkazi wa chitenje woyenda ndi ndodo sanamuwerengere.

Tinakolola madengu osadzaza ngolo imodzi. Chaka chimenecho amayi, ndi mwendo wawo womwewo, ankalima m'minda ya anthu kuti apatsidwe gaga. Mng'ono wanga wotsiriza anaonda mpaka ndinkaopa kumuyang'ana akamasamba. Malume atamva analemba kalata ya masamba awiri, ya zilembo zokongola. Anati anyani a chaka chimenecho anali achilendo, mwina otumidwa ndi munthu wanjiru. M'munsi mwake anapempha kuti suti yawo tiichape n'kuibweza, ndipo itafika anadandaula kuti dzanja limodzi la jekete lang'ambika. Mawu oti pepani sanapezeke pa tsamba lililonse.

Lero ndikuchita kafukufuku wa digiri yachiwiri, ndipo miyezi yambiri ndimakhala ku chigwa cha Luangwa ndi kope m'manja, kutsatira gulu limodzi la anyani. Funso langa ndi lomwe lija la pansanja: kodi mwana wa nyani amaphunzira bwanji kwa akuluakulu chimene n'choopsa ndi chimene n'chongoopseza? Yankho lake lingatiuze kanthu za mmene makolo a anthu akalekale, asanayambe kulankhula, ankapatsirana nzeru. Nthawi zina kope lomwe ndagwira limandichititsa manyazi, chifukwa zambiri zimene ndimalemba ndinaziona kale nditavala buluku la bambo.

Malume akalipo, akalamba, zolembera zikadali m'thumba. Pa ukwati wina ku Chipata chaka chatha anandikokera pakati pa anzawo n'kunena kuti uyu ndi mwana wa mlongo wawo amene boma likumuphunzitsa kuweta anyani. Kenaka anandifunsa mokweza ngati n'zoona kuti iwo, a Gidiyoni, anachokera kwa nyani. Ndinawayankha mwaulemu kuti ayi, palibe munthu anachokera kwa nyani, koma ife ndi anyani tili ndi kholo limodzi lakale kwambiri, ndipo chibale ndi fupa sichiola. Anzawo anaseka, iwo anapukuta nsapato.

Chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti malume sanalakwe chifukwa chosowa sukulu. Anali ndi maso abwinobwino, koma chinthu akachiyesa chapansi sankachiyang'ananso, kaya ndi nyani, kaya ndi mwana wamkazi wogwada, kaya ndi mlongo wawo wodwala mwendo. Ndimadziwa kuti nanenso ndimawanyoza, ndipo anyani amasekana zikundu. Koma ine ndisanawanyoze ndinawayang'anitsitsa zaka makumi awiri. Nkhalamba yotsimphina ija inangofuna masiku atatu kuti idziwe kuti m'suti muja mulibe munthu.