Tsiku Limene a Manjaoyera Anada

Pagulu lonse lofufuza malasha, mkulu woyendetsa makina oboola nthaka ndi yekhayo amene anali asanadetsedwepo kumaso. N'chifukwa chake ankawatchula kuti a Manjaoyera, ndipo dzinalitu silinali lowatamanda ayi. Mwambo wa gululo unali wakuti woboola akatulutsa malasha pansi, anzake ankamupaka matope akudawo kumaso n'kumuwombera m'manja. Ngakhale obwera dzulodzuloli anali atapakidwapo. Koma a Manjaoyera, kalanga ine, akaboola ndiye kumangotuluka dongo ndi miyala yotuwa, mabokosi osungiramo zotuluka pansizo tho!

"Musadandaule, achikulire," ankatero mayi katswiri wa miyala, akuika kadontho pamapu. "Dzenje lopanda kanthu limatiuza pamene malasha athera. Popanda inu sitingadziwe kuchuluka kwake."

"Zimenezo mukawauze mayi akunyumba," ankayankha iwo.

Mayi akunyumbawo pakamwa panali posatseka. Akamachapa ovololo ya amuna awo ankaikweza m'mwamba. "Taonani, anthuni! Munthu wa malasha ameneyu? Aphunzitsi amada kuposa apa." Bambowo ankaseka nawo, koma mumtima zinkawapweteka ndithu.

Ndiye inakwana nthawi yoti apume pantchito. Anawapatsa dzenje lomaliza, kumphepete kwenikweni kwa mapu, kumene aliyense ankati kulibe kanthu. Iwo osanyinyirika, anapaka girisi monga mwa masiku onse n'kuliza makina. Tsiku lotsanzika, dzuwa lili paliwombo, makina aja anasintha kaliridwe n'kuyamba kulowa mofewa. Madzi obwerera kuchokera pansi, amene zaka zonsezi ankatuluka otuwa, anada bii.

A Manjaoyera anaimitsa makina. Atasolola paipi, munatuluka malasha onyezimira, kutalika kwake kuposa msinkhu wa munthu. Mayi katswiri aja anaponya mapu pansi, n'kutapa matope ndi manja awiri, n'kuwapaka mkuluyo kuyambira pachipumi mpaka m'khosi. Gulu lonse linawaunjirira, moti ngakhale dazi silinapulumuke. Iwo ankangoseka, misozi ikulemba mizere m'masaya.

Wina anabwera ndi ndowa ndi sopo.

"Chotsa zimenezo, iwe!" anatero a Manjaoyera.

Anakwera basi ali choncho, anthu akuwasiyira mpando wonse okha.

Pakhomo anapeza akazi awo akuanula zovala. Mayiwo anaima chilili, kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mukufuna ndani, bambo? Amuna anga ine ndi oyera ngati mbale yotsuka."

"Amenewo apuma ntchito lero."

Mayiwo anasendera pafupi. Anagwira nkhope ija ndi manja onse awiri, kenako anadzipaka okha m'masaya.

"Musasambe, bambo ake," anatero, akumanga nsalu mwamphamvu. "Tiyeni tiyambe tadutsa pamakomo a onse aja ankandiseka kuti amuna anga sadziwa malasha."