Tsiku limene bambo anayankha atsibweni

Ndikukumbukira chaka chimene ndinalowa fomu 3, aphunzitsi atatiuza kuti aliyense asankhe maphunziro opitiriza nawo. Zaulimi ndi Chifalansa zinkaphunzitsidwa nthawi imodzi, ndiye kutenga china kunali kusiya chinzake. Ine mtima unali pa zaulimi. Ndinakulira m'matope a mpunga ku Lifuwu, ndipo zinkandisowetsa mtendere kuti ndime ina imabereka bwanji pomwe yoyandikana nayo ikufiira masamba.

Koma kwathu nkhani ya mwana amagamula ndi atsibweni, mlongo wa mayi. Athuwo ankaperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay. Anafika Loweruka pa kabaza, atapisira malaya oyera, perefyumu ali guu. Atamva za ulimi anaseka mpaka kutsokomola. Akuti khasu saphunzirira kusukulu, mtsikanayu atenge Chifalansa adzalandire alendo pa loji, nkhani yatha. Mayi anangoti zamveka achimwene. Ine misozi inali italengeza kale.

Bambo anali mkamwini, munthu wofatsa zedi. Pa nkhani za mbumba ankakhala chapatali n'kumasema mpini. Tsikulo anauika pansi mpiniwo, nawomba m'manja mwaulemu.

"Alamu, mwanayu ndi wanu, sindikukana. Koma amene ndimakhala naye m'madzimo tsiku lonse ndine. Zimene amandifunsa ndilibe mayankho ake. Mulekeni akawapeze."

Atsibweni anatembenukira kwa mayi n'kufunsa ngati masiku ano akamwini ayamba kulamula ana a eni. Ananyamuka osalawa ngakhale madzi, ndipo anatenga nthawi yaitali osapondanso pakhomo. Abale a mayi anawanena bambo pamjigo mpaka kutopa, ena n'kumati munthu wamwanoyo alongedze abwerere kwawo. Koma bambo sanabweze mawu amene ananena aja. Lolemba anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kungondiuza kuti ndikalimbikire.

Lero ndine mlangizi wa zaulimi. Atsibweni mtima unatsika kalekale, moti akamacheza ndi anzawo amati mlangizi uja anamuphunzitsa ndi iwowo. Ndimangoseka, nanga n'kutani?

Nthawi imeneyo ndinkangoona ngati bambo andithandiza kusankha phunziro basi. Nditakula m'pamene ndinazindikira kuti munthu wofatsa uja anaika banja lake ndi malo ake pamudzi pachiswe chifukwa cha ine. Ndimawanyadira kwambiri. Ndikaima pamaso pa alimi kuti ndinene kuti ndine yani, dzina langa ndimalitchula mwachidule, koma la bambo ndimalikweza kuti ndi akumbuyo omwe alimve.