Zitsekerero Ziwiri M'thumba la a Chrispin

A Chrispin Masiye a ku Lifuwu sukulu analekeza fomu thuu, koma polemba dzanja lawo linali laukhondo, ndipo bodza ankaliopa kuposa ng'ona. N'chifukwa chake bungwe lina la ku Lilongwe litabwera, chaka chachiwiri chiyambireni matipate, linatenga iwowo kuti aziperekeza oyeza magazi.

Ntchito yake inali kuyerekeza ana a kuno kumpunga ndi ana a kumtunda cha ku Khombedza, kuona kuti magazi athera mbali iti ndi malungo. Akuti kuno kukapambana, abweretsa maneti ndi mankhwala. Mwana wopezeka magazi atachepa ankamunyamula tsiku lomwelo pagalimoto kupita naye kuboma.

Bwana wawo, a Lawson, anawapatsa malamulo atatu. Nyumba osasankha ndi maso, koma maere, chifukwa maso amathamangira mwana wodwala ndipo nambala imanama. Nyumba imodzi mwana mmodzi, poti ana a m'nyumba imodzi udzudzu wawo ndi umodzi, mbale ndi imodzi. Ndipo mbali iliyonse odwala akwane khumi, abwinonso khumi. Zikachepera apo masamu ake sagwira, zikhoza kukhala zangozi chabe. A Chrispin anatola zitsekerero za mabotolo, n'kumakanda manambala ndi msomali, n'kumazigwedeza m'chipewa.

Lachinayi lina maere anagwera nyumba ya mlongo wawo, Pauline. Munali ana awiri, Steven wa zaka zinayi, wojintcha ngati thole, ndi Ellen wa zaka ziwiri, amene masiku amenewo ankangogona pamphasa, zikhatho zili mbuu. Atsibweni awo anaponya zitsekerero ziwiri m'chipewa, anayang'ana kumbali, n'kupisa dzanja. Chinatuluka cha Steven.

Pauline anayamba waseka, kuyesa nthabwala. Ataona kuti amene akumugwira chala ndi Steven, anawakokera a Chrispin kuseri kwa nkhokwe.

"Achimwene, mwini mbumba ndinu kapena chipewachi? Bwezerani muchitenso. Waona ndani?"

"Ndaona ine, achemwali."

Anamuuza kuti Lolemba amutengera okha Ellen kuchipatala panjinga. Galimoto inapita ndi ana ena. Loweruka mvula inagwa yosaona dzanja, msewu unaduka, ntchito ya kuno inathera pomwepo. Lolemba anapalasadi m'matope, Pauline kumbuyo, mwana kumsana. Asanafike patala Pauline anangoti imani. Mwana anali atatsirizika kumsana. Anabwerera akukankha njinga.

Patatha miyezi iwiri a Lawson anabwera ndi mapepala. Ku Khombedza anayeza ana handiredi, anapeza odwala khumi ndi mmodzi. Kuno anayeza fote basi, anapeza naini. Ngakhale ife osaphunzira tinaona kuti kuno zinthu zinali zoipa, koma a Lawson anapukusa mutu, akuti naini si khumi, pepala lotere kulikulu salilandira. Analonjeza zobweranso chilimwe. Sanabwere, manetinso sitinawaone.

Wachikhumi uja a Chrispin ankamudziwa dzina, ankadziwanso pamene wagona.

Anthu anawanena ndithu. Ena ankati munthu wanji wopereka mwana wa mlongo wake kwa chipewa, ena ankati anamana mudzi wonse maneti. Kamodzi kokha a Chrispin anauza akazi awo, a Sandra, kuti akanamuika mwanayo khumi ikanakwana, koma ikanakhala khumi yakuba. Kenaka anafunsa ngati khumi yakubayo ikanalephera kuphimba ana ndi neti.

Anabwerera kumunda wa mpunga, koma zitsekerero ziwiri zija sanataye. Masana anzawo akamapuma pamthunzi, iwo ankavula chipewa, kugwedeza, kupisa dzanja, kuyang'ana, kubwezera. Pakhoma la kuseri ankalemba timizere ndi khala, uku Steven, uku Ellen. Timizere tinadzaza khoma, mbali zonse pafupifupi mofanana. Ankawaitana a Sandra kuti adzaone kuti chipewacho sichikondera, tsiku lija chinangogwa choncho. Ana a m'mudzi akamva kuti wayawaya m'thumba ankapatuka.

Pauline zaka zitatu sanaponde pakhomo pawo. Akakumana kumjigo moni ankapereka, koma wa mlendo.

Chifuwa chitawagwira a Chrispin, mpaka kulephera kutsika pakhonde, Pauline anatulukira m'mawa wina osayitanidwa. Anawapeza chipewa chili pamiyendo. Anakhala pansi, anaona khoma lija, anaona manja a mlongo wake mmene anatheramo. A Chrispin anafuna kufotokozanso za malamulo atatu, koma mpweya unawakanika.

"Mwatopa, achimwene," anatero Pauline. "Mwana ndi wanga. Chake ndipatseni."

Anapisa yekha dzanja m'chipewa, akuyang'anamo, n'kutenga cha Ellen. Anachimanga pansonga ya chitenje. Kenaka anapempha madzi ofunda, anawasambitsa kumaso.

Anamwalira sabata yotsatira, mlongo wawo ali pambali. A Sandra amati mpaka tsiku lomaliza zala zinkafufuzabe m'thumba, zikupeza chimodzi chokha. Chinacho Pauline ali nacho mpaka lero. Akamachapa chitenje amachimasula, amachiika pamwala, ndipo salola mwana aliyense kuchigwira.