Fani ya a Bauleni

A Bauleni anafika ku Lilongwe nthawi imene maofesi a boma ankasamuka ku Zomba, n'kupeza ntchito ya m'nyumba ku Area 47, kwa a Chikaonda ogwira ntchito ku Capital Hill. Kusita ankatha, kukolopa ndiye osanena. Koma fani ya pabalaza, hii! Inkangozungulira osapuma, ngakhale mu Juni anthu akuchita kumenyetsa mano ndi chisanu.

Nkhani yake inali iyi. Ku Rodeshiya, ku mgodi wa malasha, a Bauleni ndiwo ankayang'anira chifani chokoka mpweya woipa pansi. Lamulo linali limodzi: munthu akadali pansi, fani sizima. Ndiye tsiku lina mgodi unaphulika, mng'ono wawo Kenani ali pansi. Opulumutsa atalephera, akuluakulu anamata khomo la mgodi ndi simenti, anthu ali momwemo, n'kuuza a Bauleni kuti basi, zimitsani. Iwo anakana, anazimitsa wina. Mtembo sanauone, nanga akhulupirire bwanji kuti Kenani anamwalira?

Mayi Chikaonda anapirira mpaka kutopa. Tsiku lina masana, ana ali ndi chimfine, anati, "A Bauleni, zimitsani chinthu ichi, apo ayi muzipita lero lomwe."

Ntchito m'tauni yatsopanoyi sinali yotola pansi, komanso ana a Kenani kumudzi ankadalira iwo. Zomvetsa chisoni ndithu! A Bauleni anakweza dzanja kuti azimitse, koma linangoima m'malere.

"Mayi, pansi pali munthu."

"Pansi pati? Apa ndi simenti!" Mayiwo anazimitsa okha.

Fani inazungulira pang'onopang'ono n'kuima. M'nyumba monse zii. Kenaka m'paipi ya madzi yochokera pansi munamveka go, go, go. Kaye chete. Go, go, go, mmene amagogodera anthu otsekeredwa mumgodi.

"Ndi mapaipi a nyumba zatsopanozi," anatero mayiwo.

A Bauleni anagwada n'kuika khutu pasimenti. "Kenani, pirira mphwanga," ananong'ona, "si ine ndazimitsa."

Kugogoda kuja kunayamba kufooka, ngati kwa munthu amene mpweya ukumuthera. A Bauleni anatukula maso n'kuyang'ana mayiwo. Mayi Chikaonda anatambasula dzanja n'kuyatsanso fani ija.

A Bauleni anagwira ntchito panyumbapo mpaka tsitsi kuyera mbuu. Magetsi akazima ankatenga lichero, n'kugwada pabalaza, kumakupiza simenti mpaka atayakanso.