Tsiku Limene Amayi Anachapa Umboni

Ndikukumbukira nyengo ina yozizira ndili ndi zaka khumi, tikukhala m'nyumba ya lendi mumzinda wa Salford, kutsidya kwa nyanja. Khoma la kuchipinda kumene tinkagona ine ndi mng'ono wanga Tadala linachita nkhungu yakuda bii, ukaligwira dzanja linkanyowa. Tadala ankatsokomola mpaka kubanika. Eni nyumba, bambo wina woseketsa, tikawadandaulira ankangoti atumiza munthu, koma munthuyo sitinamuonepo.

Anti Mwansa a ku Zambia, amene ankagwira limodzi ndi amayi ntchito yosamalira okalamba, ndiwo anati, "Amake Tadala, kaneneni ku khonsolo. Kuli anthu oyendera nyumba za lendi, malandilodi amawaopa." Amayi anazengereza poopa kuti eni nyumba atithamangitsa, koma chifuwa cha mwana chinawakakamiza.

Tsono amayi anga muwadziwe bwino! Kwa iwo mlendo ndi mlendo, kaya ndi abusa kaya ndi a boma, sangapeze uve pakhomo pawo. Kutatsala tsiku kuti woyendera nyumba abwere, anatipatsa ndowa ndi jiki. Tinakwecha khoma lija mpaka zala kuwawa, iwo n'kupakanso penti pamwamba.

Kunabwera mayi wamtali, jekete itanyowa ndi mvula. Amayi anamulandira ndi tiyi ndi mandasi, kenako n'kumulowetsa kuchipinda monyadira. Mayiyo anayang'ana khoma, ananunkhiza, n'kufunsa m'Chingerezi kuti nkhungu ija ili pati.

"Tachapa," anatero amayi. "Mukanaona bwanji zonyansa zotero?"

Mayiyo anafotokoza mofatsa kuti sangalamule eni nyumba kukonza chinthu chimene iye sanachione ndi kuchijambula. Anati Tadala azigona pabalaza, khomalo tisalikhudze, adzabweranso.

M'masabata otsatirawo amayi anavutika kuposa tonsefe. Nkhungu inkaboola penti pang'onopang'ono, iwo akungoyang'ana. Anasiya ngakhale kuitana anzawo a kutchalitchi. Tsiku lina ndinawapeza ataima pakhomo la chipinda chija, nsanza ili m'manja, misozi ikutsika. Zinandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa ndinali ndisanawaonepo akugonja.

Mayi uja atabweranso, amayi anatsegula chitseko n'kuyang'ana kumbali. Iye anajambula paliponse, ndipo eni nyumba analamulidwa kukonza denga limene linkadonthera m'khomalo, apo ayi alipire chindapusa. Amisiri sanachedwe. Khoma litauma, Tadala anayamba kugona bwino osabanika.

Ine ndinaleredwa kuti zoipa za m'nyumba zimabisidwa mlendo asanalowe, ndipo mpaka lero ndimasesa belu likangolira. Koma tsopano ndikumvetsa zimene amayi anachita. Kukwecha khoma kunali kophweka. Chovuta chinali kulola munthu wachilendo kuona manyazi awo kuti mwana wawo apume.