Adada Ananena Katatu

Ndikukumbukila chaka chimene adada anabwela kumudzi pa nthawi yokumba mtedza, pamene ife tinazolowela kuwaona pa Khisimasi pokha. Ndinali ndi zaka khumi, kamwana ka miyendo ngati bango, pakamwa posatseka. Kuimba ine ndinabadwa nako. Potunga madzi ndiimba, popilikitsa mbuzi ndiimba, ngakhale pondikwapula kulila kwanga kumatuluka ndi kayimbidwe kake, mpaka amama ankataya ndodo n'kuyamba kuseka. Lelo adzukulu adzaza bwalo ndipo ndikali kuimba, kutchalitchi, paukwati, paliponse pamene pali ng'oma. Koma pali nyimbo imodzi imene inandiwawitsa mtima, ndipo ndiyo ndifuna kunena.

Kwathu ku Magodi sitima sitinaionepo. Ku Lundazi njanji kunalibe, ndipo mpaka lelo kulibe. Koma adada, a Mtonga, anali munthu wa kunjanji, kutali uko kupitilila Lusaka. Ntchito yawo inali yoyenda pansi. M'mawa uliwonse atenga hamala ndi sipanala, ayenda m'mbali mwa njanji, agogoda chitsulo ngo, ngo, n'kutchela khutu. Chitsulo chamoyo chimayankha bwino, ankatelo, chosweka chimayankha ngati munthu wa chimfine. Ayang'ana mabawuti, ayang'ana mitengo imene njanji imagonapo, ija iwo ankati masilipa. Akapeza choipa akauza kapitawo, mkulu wa gulu lawo. Zaka ndi zaka anayenda choncho, dzuwa ndi mvula, ndipo pa Khisimasi ankabwela ndi shuga, sopo, ndi nsapato za kuntchito zazikulu zimene ife ana tinkalowetsamo miyendo yonse iwili mu imodzi.

Chaka icho anatsika basi ndi bulangeti chabe. Nsapato zija eni ake analanda. Amama anagwada pakhomo n'kuti, "Monile, awiske Esinati." Ndiye kuti moni, bambo a Esinati, ndipo Esinati ndine. Iwo anangoti, "Yewo," n'kukhala pansi. Za ng'ombe sanafunse, za ana sanafunse.

Tsiku lachitatu tinali mumthunzi wa nkhokwe, amama akuswa mtedza, ine ndikusankha wowola. Akulu amaiwala kuti mwana wowelama ali ndi makutu. Adada anayamba kulankhula, maso ali pa lichelo.

Anati mvula itatha, pamalo pena pamene njanji imakhota kufupi ndi kamlatho, masilipa anali atawola, ukapondapo madzi atuluka. Anauza kapitawo. Kapitawo anati atsopano kulibe, dziko lili pa mavuto. Patapita masiku chitsulo chenichenicho chinang'aluka. Anauzanso kapitawo, kapitawo anati tidzaona. Kachitatu anachita monga timachitila kwathu nkhani ikakula: anadikila gulu lonse lisonkhane, n'kunena pamaso pa anthu kuti sitima idzagwa pamenepo. Kapitawo anayankha kuti, "Chete, Mtonga. Abwana akubwela."

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo wamkulu wachipani akamabwela zonse zinkaima. Sabata yonse gulu la adada analichotsa panjanji kuti likatchetche udzu pa siteshoni ndi kupaka miyala laimu. Abwana anadutsadi, sitima yawo yaifupi, yoyenda pang'onopang'ono, iwo akukweza dzanja pawindo, antchito akuomba m'manja. Imene inabwela pambuyo pake inali yaitali, yolemela, yodzaza anthu ndi matumba a ufa. Inafika pokhota paja n'kuchoka panjanji.

Adada anati mabogi a sitimayo anagona chammbali ngati ng'ombe zakufa ndi chigodola. Anthu a m'katimo adada anawatulutsa ndi manja awo, ena akubuula, ena atasiya kale kubuula. Matumba anaphulika, ufa mbwee, ndipo anthu a m'midzi yapafupi, chifukwa njala inali njala, ankaola ufawo m'mabeseni, n'kumalambalala pofiila. Amama analeka kuswa.

Kenaka kunabwela akuluakulu a zolembela m'matumba. Woyendela chigawo chino ndani? Mtonga. Unanena? Ndinanena katatu. Pepala lili kuti? Adada kulemba sankadziwa. Kwathu mawu onenedwa pamaso pa anthu ndi mawu, amamanga ukwati, amagawa munda, ndiye iwo ankayesa kuti ndi kunjanji komwe ali ndi mphamvu yomweyo. Kapitawo anati sanamvepo kanthu. Anzawo a m'gulu anayang'ana zala za kumapazi. Mlandu wonse wa anthu akufa aja unagwela adada, ntchito n'kutha. Anangowasiyila kakhomo kamodzi: ngati abwela ndi kalata yachidindo yochokela kwa acheyamani achipani a kwawo, yonena kuti ndi munthu wabwino wosavuta, nkhani yawo idzamvedwanso. Dzina lawo linali lendelende pa kalata imeneyo.

Acheyamani athu, a Zgambo, sanakane. Anati, "Ndidzalemba, a Mtonga. Msonkhano wa abwana a ku boma uyambe wapita."

Ine nkhani ija inandikhala pachifuwa ngati mbatata yopanda madzi, ndipo chimene chandikhala pachifuwa chimatuluka ndi nyimbo. Mawa lake pamtondo, munsi ukuti di, di, mawu anabwela okha:

Adada ananena, masilipa awola,
Kapitawo yayi, yayi.
Ananena kawili, chitsulo chasweka,
Kapitawo yayi, yayi.
Ananena katatu, sitima idzagwa,
Chete, chete, abwana akubwela.

Inakoma, anzanga, inakoma. Sabata isanathe inali pamitondo yonse, inali kudambo, inali panjila ya kuchigayo. Wovomela nyimbo samvetsela mawu a woyambitsa, amangodikila pake polowela, ndiye azimayi ankangogwila pa "yayi, yayi" ndi pa "chete, chete, abwana akubwela." Amene anaikonda koposa anali aNyaPhili, akazi a acheyamani eniake, mayi a mawu ngati lipenga. Masilipa iwo ankayesa ndi masilipasi ovala kumapazi. "Mwana uyu wanena zoona," ankatelo, "anawoladi, tonse tikuyenda ndi mapazi a Chiuta." Amama ataimva anandikoka khutu kuti ndiileke. Ine ndinaileka, koma inali itapita kale.

Tsiku la msonkhano tinasonkhana pabwalo la sukulu dzuwa likungotuluka. Amuna makhadi achipani m'matumba, akazi zitenje zofanana, ife ana kutsogolo. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, abwana zii. Nyimbo zotamanda tinaimba zonse, tinabweleza, tinabwelezanso mpaka zinasukuluka. Fumbi litaoneka kumsewu, aNyaPhili anatembenuka n'kundiloza.

"Esinati, yambitsa ija ya abwana. Fulumila."

Ndinayang'ana amama, anali kutali kumbuyo. Ndinayang'ana bwalo lodzaza anthu, onse akudikila ine. Kukana ndikanakana bwanji? Ndinakweza mawu, azimayi anavomela, nthungululu pamwamba, fumbi koboo. Moyo wanga wonse sindinaimbepo bwino ngati tsiku limenelo.

Abwana anatsika m'galimoto akumwetulila, akugwedeza mutu motsata ng'oma. Kenaka mutu unaleka kugwedezeka. Iwo anali atakhalapo kumizinda ya kunjanji, masilipa ankawadziwa. Anakweza dzanja, ng'oma inaduka.

"Nyimbo yokoma chonchi anapeka ndani?"

Ndinalumpha. "Ndine, abwana."

"Wanzelu iwe. Nanga za sitima unazidziwa bwanji, kuno kulibe njanji?"

"Adada ankauza amama, ine ndikusankha mtedza."

Anthu anaseka. Adada anaitanidwa, anabwela kutsogolo chipewa chili m'manja.

"Komuledi Mtonga," anatelo abwana, mawu ofewa ngati a m'busa, "wailesi inanena kuti sitima ija inagwa chifukwa cha wantchito waulesi. Inu mukuphunzitsa ana kuti inagwa chifukwa cha ulendo wa atsogoleli?"

"Ine ndinanena katatu, abwana. Kachitatu pamaso pa anthu."

"Pepala?"

Adada anapotokola chipewa.

"Palibe kanthu. Ngati pepala mulibe, mboni ndi mwanayu. Akwele galimoto akatiimbile bwinobwino ku boma. Kumeneko tili ndi anthu odziwa kumvetsela nyimbo."

Mmodzi wa achinyamata achipani anandigwila pamkono. Ndipo ine, chitsilu ine, ndinakondwa, chifukwa galimoto yaing'ono ndinali ndisanakwelepo. Ndinayamba kuyenda ndekha osakokedwa. Adada anayang'ana dzanja lija pamkono panga, anayang'ana galimoto, n'kutembenukila kwa abwana.

"Ndinanama, abwana. Sindinauze munthu aliyense. Masiku amenewo njanji sindinayende, ndinali ku mowa."

Adada amene ngakhale thobwa likasasa pang'ono ankalikankhila kutali. Mudzi wonse unkadziwa zimenezo, ndipo mudzi wonse unakhala chete.

"Akumbuyo sanamve, komuledi."

Anabweleza mokweza. Anabwelezanso kachitatu, atatembenukila kwa azimayi. Pamenepo dzanja linandileka, abwana anati ng'oma ilile, msonkhano unayamba. Analankhula za chitukuko, ndipo analonjeza kuti tsiku lina njanji idzafika ndi kuno kum'mawa. Tinaomba m'manja.

Titafika kunyumba amama anathyola ndodo yaiwisi, misozi ili mbwembwembwe. Adada anaigwila ili m'mwamba.

"Mlekeni, NyaZimba. Pabwalo ponse paja wanena zoona ndi uyu yekha."

Anandikhazika pansi pafupi nawo. Ndinkadikila kuti andikalipile, ndipo bwenzi zitandipepukila akanatelo. Iwo anangoti, "Esinati, mwana wane, mawu anga atatu anali mphepo chifukwa analibe pepala. Ako lelo pepala sanafunse. Uziona mmene amasankhila."

M'mawa mwake anapitabe kwa a Zgambo. Anabwela msanga. A Zgambo anawauza kuti, "Ndilembe chiyani, a Mtonga? Mwanena nokha, anthu onse akumva." Apa mawu a pamaso pa anthu anagwila ntchito.

Kalata sinalembedwe, kunjanji adada sanabwelelenso. Analima chimanga ndi fodya mpaka msana unapindika. Anthu amene sitima sanaionepo anawapatsa dzina lakuti Chigwetsa, poyamba kumbali, kenaka pamaso, kenaka ngakhale pa malilo awo wolengeza anati tikuika a Chigwetsa. Mpaka lelo ukatsika pa boma n'kuuza wanjinga kuti kwa Mtonga, afunsa Mtonga uti. Ukati kwa Chigwetsa, angoti kwelani, agogo. Adzukulu anga amayankha dzinalo mosangalala, akuyesa ndi la munthu wamphamvu wogwetsa anzake pa ndewu.

Zaka zambili ndinkati cholakwa chinali pakamwa panga. Amama anamwalila akuganiza chomwecho, ndipo sindiwaimba mlandu. Koma tsopano ndakalamba, ndamva wailesi ikunena za sitima zina zogwa, kuno ndi kumaiko ena, ndipo kawilikawili amathela pomwepo, kuti wantchito wina wamng'ono ndiye analakwa. Ndikamva choncho ndimaleka chimene ndikuchita. Ndimadziwa kuti mwina kwinakwake kuli munthu wa hamala amene anagogoda, anamva chitsulo chikuyankha moipa, anakanena, n'kuuzidwa kuti adikile alendo apite. Sitima ija inayamba kugwa tsiku limene anatuma adada kukapaka miyala laimu. Amene anawatuma anafa ndi maina awo oyela, adada anafa ndi dzina la wopha anthu onse amene anawanyamula m'manja.

Chimene ndinaphunzila ndi chakuti wamng'ono akamanena zoona ayenela kuzisiya pamalo pamene wamkulu sangathe kuzikana. Nyimbo yanga inayenda mudzi wonse, koma adada sinawathandize. Sukulu ine ndinalekela mu Giledi 3, zilembo zanga zimayenda ngati nkhuku yomangidwa miyendo, ndipo izi zanditengela masiku ambili. Ndalembabe, chifukwa amene anamva nkhaniyi mumthunzi wa nkhokwe tinali awili, ndipo ndatsala ndekha.

Adada anga, a Mtonga a ku Magodi, mowa sanamwepo. Njanji anaiyenda, chitsulo chosweka anachipeza, ndipo ananena katatu. Pepala munkafunsa lija ndi ili.